Za Kambalame ka Mlomo wa Sipuni, ndi Anthu Amene Akalondola

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za kambalame kena ka kutali, kamene ambiri a ife sitidzakaona ndi maso, ndiponso za anthu a mitundu yambiri amene agwirizana kukalondola pa ulendo wake. Angerezi amakatcha Spoon-billed Sandpiper, ndiko kunena kambalame ka m'gombe ka mlomo wonga sipuni. Koma pakuti dzina limeneli litopetsa lilime, ife m'nkhani muno tidzangokatcha Kasipuni. Msinkhu wake ndi wa mpheta: utali wake ndi masentimita 14 kufikira 16, ndipo kulemera kwake kuli ngati magalamu 30. Mlomo wake ngwakuda, ndipo kunsonga kwake ngophwatalala ngati kasipuni kotakasira tiyi. Mwa mbalame zazing'ono za m'matope palibe ina ya mlomo wotere, ndipo anapiye ake amatuluka m'dzira ali nao kale. Linnaeus wa ku Sweden, amene anakalemba m'buku lake la maina a zamoyo m'chaka cha 1758, ananyengedwa ndi mlomowo, nakaika pamodzi ndi mbalame zazikulu zija zoyera za milomo yonga chipande, zimene siziri abale ake konse.

Kasipuni sikafika kuno kwathu. Koma inu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa mudziwa mbalame zazing'ono zotuwa zimene zimathamanga m'matope nyengo ya dzinja, zirikujompha osapuma; zina mwa izo ndizo abale ake enieni, ndipo zichokera kumpoto kwa Russia monga iko. Mukakumbukira mayendedwe a zimenezo, mwakaona kale pang'ono.

Kwao kwa Kasipuni, kumene kamaikira mazira, ndiko ku Chukotka ndi kumpoto kwa Kamchatka, kumalekezero a dziko la Russia, moyang'anana ndi Alaska. Dziko limenelo liribe mitengo. Muli ndere, timaudzu ndi tizitsamba tokwawa pansi, ndipo chisanu chimaumitsa nthaka ndi nyanja miyezi yambiri ya chaka. Mbalamezi zimafikako cha kumayambiriro a Juni, madzi oundana atayamba kusungunuka. Yaikazi imaikira mazira 4 m'kadzenje ka pansi, ndipo iyo ndi yaimuna zimalandirana kufungatira pafupi masabata 3. Anapiye sadyetsedwa kukamwa monga ana a njiwa, koma amadzitolera okha tizirombo monga anapiye a nkhuku. Mai wao ndiye amayamba kunyamuka ulendo wa kummwera, nasiya tate alikuwalera kufikira atadziwa kuuluka. Tate atachokanso, anawo amanyamuka pambuyo, popanda makolo owatsogolera, ulendo wa makilomita ngati 8,000, kutsata magombe a Russia, Japan, Korea ndi China, kufikira ku Vietnam, Thailand, Myanmar ndi Bangladesh.

Kuti mumve bwino za ulendo umenewu, muyenera kudziwa kuti nyanja yamchere siri ngati Nyanja yathu. Kawiri pa tsiku madzi ake amakwera, ndipo kawirinso amabwerera, nasiya poyera chidikha cha matope, pena chotambalala makilomita ambiri. M'matopemo muli tinkhanu, tinyongolotsi ndi tizirombo tina ta m'madzi, ndipo ndimo m'mene mbalame za paulendo zimadya kuti zinenepe, pakuti mafuta a m'thupi ndiwo kamba wao wa panjira. Chidikha chimodzi chikaonongeka, mbalame ifika yotopa ndi yoonda, nipeza pouma, ndipo kufikira chidikha china ndi kutali.

Cha m'ma 1970 akatswiri anayesa kuti mbalamezi zinalipo mabanja 2,000 kufikira 2,800. Pofika chaka cha 2000 mabanja anatsala ngati 1,000. Evgeny Syroechkovskiy ndi Pavel Tomkovich, akatswiri a ku Moscow amene anayendera magombe a Chukotka zaka zambiri, anapeza malo amene kale anali ndi zisa zambiri ali zii. M'chaka cha 2008 Kasipuni kanalembedwa m'kaundula wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo pofika 2010 anayesa kuti mabanja otsala anali 120 kufikira 200 okha, pakuti pa mbalame 4 zirizonse imodzi inali kutayika chaka ndi chaka. Koma panali chinthu chodabwitsa. Zazikulu zambiri zinali kubwerera ku zisa zao, mazira anali kuswa, anapiye anali kukula. Koma ana amene ananyamuka ulendo wao woyamba sanali kubwerera. Imfa inali kwina, panjira kapena kumalo kothawira chisanu, ndipo munthu wokhala ku Chukotka sakadatha kuiona, angakhale ndi maso akuthwa chotani.

Apa ndipo panafunika maso a anthu ambiri. Kufupi ndi mudzi wa Meinypilgyno, ku Chukotka komweko, akatswiri amagwira mbalame pa chisa, naibveka mphete yachitsulo kumwendo umodzi, ndi kambendera kapulasitiki kumwendo wina, kakang'ono koposa chikhadabo cha kachala, kolembedwa manambala kapena malemba awiri. Mtundu wa kambendera uli ndi tanthauzo lake. Kobiriwira pang'ono ndi ka mbalame yogwidwa kuthengo ku Meinypilgyno. Koyera ndi ka mwanapiye woleredwa ndi anthu, monga tidzanena kutsogoloku. Ndipo mbalame zogwidwa panjira ku Jiangsu, m'dziko la China, zimalandira kachikasu. Chotero mbalame imene inali yosasiyana ndi zinzake isanduka mbalame yodziwika, yokhala ndi dzina ndi mbiri. Koma kambenderako nkachabe ngati palibe munthu wokawerenga.

Owerengawo ndi anthu okonda kuyang'ana mbalame. Ena ndi akatswiri olipidwa, koma ambiri ndi anthu wamba a nchito zao zina, aphunzitsi, ojambula zithunzi, ana a sukulu zapamwamba, amene amapita kugombe masiku ao opumula, atanyamula magalasi oonera patali. Musayese kuti nchito yao njopepuka. Kasipuni sikayenda kokha, koma kamasakanizika m'khamu la mbalame zina zikwizikwi, makamaka mtundu wina wotchedwa Red-necked Stint, umene msinkhu wake ndi maanga ake zifanana ndi zake kwambiri. Mlomo umene ukadakazindikiritsa uli m'matope nthawi zambiri, kapena wabisika m'nthenga za kumsana pamene kagona. Ndiponso ukauona cham'mbali suoneka ngati sipuni ai, koma kufikira kambalame katatembenukira kwa iwe. Munthu aima m'matope ofika m'maondo, dzuwa lirikumuotcha, nayendetsa galasi lake pa mbalame imodzi imodzi kuyambira kuno kufikira uko. Ndipo pamene wakapeza, ndi kuona kuti kali ndi kambendera, ayenera kudikiranso kuti katulutse mwendo m'madzi. Nthawi zina asanawerenge lemba lachiwiri, kabawi adutsa pamwamba, khamu lonse liuluka, ndipo ayambanso poyamba. Pa zonsezi asaiwale kuti madzi alikubwera kumbuyo kwake.

Atawerenga, alemba tsiku, malo, mtundu wa kambendera, mwendo umene kali, malemba ake, ndi chiwerengero cha Akasipuni onse amene waona, obvala ndi osabvala omwe. Ngati anajambula chithunzi, aphatikizapo. Mau amenewa amatumizidwa pa intaneti kwa osunga kaundula a bungwe la Spoon-billed Sandpiper Task Force, m'mene muli anthu a maiko onse a pa njira ya mbalameyi. Iwo amamyankha ndi mbiri ya mbalame yake: kuti inabvekedwa liti ndi kuti, ndi malo onse amene ena anaiona. Malipiro a wowerenga ndi amenewo. Motere anthu osadziwana, osamvana chinenero, a maiko amene maboma ao nthawi zina sayang'anana bwino, amalumikiza moyo wa kambalame kamodzi monga amai alumikiza zigamba. Kena kobvala nambala 05 kanaoneka zaka zingapo motsatana m'minda ya mchere ya Khok Kham, ku Thailand, ndipo chaka chirichonse a kumeneko ndi a ku Meinypilgyno anali kuuzana kuti kanyamuka, kafika.

Kufunafuna kumalo kothawira chisanu kunabala zipatso msanga. Kumayambiriro a 2008 Christoph Zöckler wa ku Germany, pamodzi ndi anzake ndi a bungwe la ku Myanmar lotchedwa BANCA, anapeza Akasipuni 84 pa malo awiri a gombe la Myanmar, ndiwo chisumbu cha Nan Thar ndi Gulf of Mottama. Ku Mottama madzi amalowa ndi mphamvu yoopsa, pena ngati khoma loyenda, kotero kuti owerenga mbalame amadalira asodzi a komweko: amagona m'mabwato ao masiku angapo, ndipo madzi akaphwa, bwato likhala pamatope, iwo natsika kukawerenga kufikira mwini bwato atawaitana. Pocheza ndi anthu a m'midzi anamva chimene anali kufuna. Kunali alenje otchera maukonde usiku kuti agwire mbalame zazikulu zokagulitsa ndiwo, ndipo Kasipuni kanali kukodwa pamodzi nazo, ngakhale nyama yake siikwana kukamwa kamodzi. Tsono ana a Kasipuni ambiri sabwerera kumpoto chaka chao choyamba, koma amatsala kummwera kufikira atakhwima. Potero pamene makolo ao anali kukhala pakati pa maukonde miyezi yowerengeka, anawo anali kukhalapo chaka chathunthu ndi kupitirira. Mwambi uja wa ku Chukotka unamasulidwa ku Myanmar.

Chimene anachita pambuyo pake ife tichiyesa chanzeru koposa zonse za m'nkhani ino. Alenjewo anali amphawi a amphawi, opanda minda kapena mabwato, ndipo kutchera mbalame sikunali nchito imene anali kuikonda. Kuwaopseza ndi lamulo kokha kukadangowaphunzitsa kutchera mobisa. M'malo mwake anakhala nao pansi pamodzi ndi akulu a midzi, napangana chipangano: mlenje apereke maukonde ake a mbalame, nalandire thandizo loyambira nchito ina, kaya zipangizo zophera nsomba kaya ziweto. Pa chisumbu cha Sonadia, ku Bangladesh, Sayam Chowdhury ndi anzake anachita chimodzimodzi m'chaka cha 2011, ndipo alenje a kumeneko anayamba kulima mabvwende, kuweta, kusoka zobvala ndi kutsegula timasitolo. Iwo amene adziwa za kusaka mbalame ku Chilwa adzamva msanga kuti mlandu wotere suthera pa kukalipa. M'chaka cha 2017 mbali ya Gulf of Mottama inalembedwa pakati pa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar.

Bvuto lachiwiri linali lalikulu koposa, ndipo mwini wake sanali mmphawi. Pakati pa China ndi Korea pali nyanja yotchedwa Yellow Sea, imene zidikha zake ndizo popumulira penipeni pa ulendo wonse. Maboma ndi makampani anali kutchinga zidikhazo ndi makoma, naziumitsa kuti amangepo madoko, mafakitale ndi minda. Ku Saemangeum, m'dziko la South Korea, kumene Akasipuni ambiri anali kutera kale, anatseka matsiriro a mitsinje iwiri ndi khoma la makilomita 33 m'chaka cha 2006. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti m'zaka 50 nyanja imeneyo inataya pafupi magawo awiri mwa atatu a zidikha zake. Koma oyang'ana mbalame a ku China, poyendayenda m'gombe la Jiangsu kumpoto kwa Shanghai, anapeza kuti ku Rudong ndi ku Tiaozini Akasipuni amakhalako masabata ambiri, kusintha nthenga za m'mapiko. Ndipo m'chaka cha 2014 anawerengako oposa 200. Malo a Tiaozini anali atakonzedwa kale kuti aumitsidwe. Ziwerengero zimenezi zinali pakati pa maumboni amene anafika kwa akulu a boma. Mu 2018 boma la China linaletsa kuumitsa magombe chifukwa cha malonda, ndipo mu 2019 Tiaozini analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse. Adani ena alipobe, monga udzu wa Spartina, wochokera ku America, umene umamera mothithikana nuphimba matope.

Mwina mwafunsa chifukwa chake wowerenga ayenera kulembanso mbalame zopanda kambendera. Yankho lake likoma kulimva. Tiyerekeze kuti nkhuku za mudzi wonse zasakanizika kutchire, ndipo mufuna kudziwa kuchuluka kwake osazigwira. Mudziwa kuti 50 mwa izo munazimanga kansalu kumwendo. Mukapita kukayang'ana masiku ambiri, ndi kuona kuti pa nkhuku 10 zirizonse imodzi iri ndi kansalu, mudziwa kuti zonse ziri ngati 500, ngakhale simunazione zonse pamodzi. Akatswiri amachita chomwecho ndi Kasipuni. Kuchokera ku mau a owerenga amadziwa kuti mbalame zobvala zimene zikali moyo ndi zingati, nadziwanso kuti pa zonse zooneka zobvala ndi gawo lanji. Chifukwa chake munthu amene alemba kuti anaona 6, zonse zosabvala, wathandiza mofanana ndi iye amene anawerenga nambala. Ndipo iye amene angotumiza chithunzi chokongola cha yobvala, osanena za zinzake, apotoza chiwerengero osadziwa.

Kuyambira mu 2016 anaonjezapo chipangizo china, kawailesi kosafika magalamu 2, kamene amamata pamsana pa mbalame, ndipo kamauza setilaiti pamene mbalameyo iri, kufikira katagwa pamodzi ndi nthenga zakale. Mbalame yotchuka koposa mwa zobvala kawailesi ndi yaimuna yotchedwa Lime 07. Inabvekedwa kambendera ku Meinypilgyno mu 2013, ndipo pambuyo pake owerenga anaiona ku Sonadia. Mu 2018 anaimata kawailesi. Inatsika gombe la Russia, nikhala masabata ambiri ku North Korea, kumene alendo safika mosabvuta, nipitirira ku Guangdong, kummwera kwa China. Onse anayesa kuti irikupita ku Bangladesh. Koma kumapeto a Okutobala inauluka pafupi masiku 2, usana ndi usiku, makilomita oposa 2,000, nitera kumpoto kwa chisumbu cha Sumatra, m'dziko la Indonesia, kumene Kasipuni kanali kasanalembedwepo nkale lonse. Mau anatumizidwa kwa oyang'ana mbalame a ku Sumatra, iwo nanyamuka ulendo wa ku Aceh, nafufuza m'maiwe owetera nsomba, ndipo kumayambiriro a Novembala anaipeza ndi kuijambula, kambendera kake kalikuoneka. Kawailesi kanangonena dera. Amene anaona ngati mbalame iri bwino, chimene irikudya, ndi ngati pali maukonde pafupi, anali anthu a mapazi m'matope.

Za anapiye oleredwa ndi anthu tinena mwachidule. Kuthengo mazira ambiri ndi anapiye amadyedwa ndi nkhandwe, makungubwi ndi mbalame zina zolusa. Kuyambira mu 2012 akatswiri a ku Russia ndi a bungwe la ku England lotchedwa Wildfowl and Wetlands Trust anayamba kutenga mazira pa zisa ku Meinypilgyno, kuwafungatira m'mabokosi otentha, kulera anapiye m'khola lalikulu la ukonde, ndi kuwamasula atadziwa kuuluka. Ndipo makolo olandidwa mazira kawirikawiri amaikiranso ena. Anthu anakayika ngati mwanapiye woleredwa m'khola angadziwe njira. Owerenga mbendera ndiwo anayankha, pakuti anayamba kuwaona ku China ndi ku Thailand, ndipo mu 2014 yaikazi ina yoleredwa mu 2012 inabwerera ku Meinypilgyno niikira mazira ake. Pofika 2021 anapiye omasulidwa motere anaposa 200. Kuyesa kuweta mbalamezi ku England komweko, ku Slimbridge, kumene 13 zinafika mu 2011, kunakhala kobvuta koposa: mazira oyamba anaikiridwa mu 2016, koma anapiye amene anaswa anafa.

Sitifuna kukunamizani kuti Kasipuni kapulumuka. Panali mbalame ina ya m'gombe, Slender-billed Curlew, imene inali kuthawira chisanu kumpoto kwa Afrika muno. Anthu anaiona motsimikiza komaliza mu Febuluwale 1995 pa dambo la Merja Zerga, ku Morocco; anaifuna zaka zambiri m'maiko ambiri osaipeza, ndipo mu 2024 akatswiri analengeza kuti inatha. Imeneyo anaichedwera: pamene anthu anadzuka kuti ailondole, inali itachepa kale kotero kuti panalibe yoti aibveke. Kasipuni anakayambirira nthawi ikalipo. Syroechkovskiy, amene anatsogolera nchitoyi zaka zambiri, anamwalira mu Januwale 2022, asanaone mapeto ake. Chiwerengero chofalitsidwa mu 2021 chinapeza mbalame zazikulu ngati 490, zirikuchepa ndi 8 pa 100 chaka chirichonse. Chofalitsidwa mu 2024 chinapeza ngati 443, zirikuchepa ndi 5 pa 100. Kutsika kuja kwa imodzi pa 4 zirizonse kunaleka, koma kukwera sikunayambe.

Mwezi wa Januwale, pamene mbalame zakhazikika kumalo kothawira chisanu, owerenga a maiko osiyanasiyana amapangana masiku amodzimodzi otulukira, kuti mbalame imodzi ingawerengedwe kawiri. Ku Sonadia amakwera mabwato, ku Leizhou kummwera kwa China amalowa m'matope, ku Pak Thale m'dziko la Thailand amayenda pa mizere ya minda ya mchere. Ndipo madzulo yense atumiza chimene waona, ngakhale iye amene wayang'ana tsiku lonse osapeza kanthu, pakuti nazonso zimalembedwa.